Usiku Umodzi pa Mchenga wa Erg Chebbi

Munthu amene adakulira ku Moatize safunika kumuuza kuti dzuwa limaotcha. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumapyola madigiri 40, milambe itayoyola masamba onse, mbuzi zikulimbirana kamthunzi ka khoma. Anthu otsika pa chapa kuchokera ku Zóbuè, kumene mapiri amaponyako kamphepo, amakonda kudandaula kuti afika m'chipululu. Komatu Tete si chipululu. Mzinda wa Tete umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 600 pachaka, pomwe akatswiri a zanyengo amati malo ndi chipululu ngati mvula yake siifika mamilimita 250. Mozambique yense alibe chipululu, Malawi nayenso alibe. Ambiri a ife ngamila tidaimvera mu ulaliki wa kutchalitchi kapena kumzikiti, sitidaionepo ikubzikula.

Alipo amene adayesa kuibweretsa kuno. David Livingstone, uja adafika ku Tete mu 1856, adayamba ulendo wake womaliza mu 1866 atakweza m'chombo ku Zanzibar ngamila 6, njati zoweta za ku India, nyulu ndi abulu. Adatsikira ku Mikindani nalondola mtsinje wa Rovuma kulowera kunyanja ya Niassa. China chimene ankafuna kudziwa n'chakuti kaya nyamazi zingapirire kashembe, ntchentche ija imene imatha ng'ombe m'zigwa zathu. Asanafike kwa mfumu Mataka ku Mwembe, ngamila zonse zinali zitafa, ndipo mwini wakeyo adalephera kusiyanitsa zimene zidafa ndi kashembe ndi zimene zidafa ndi nkhanza za asilikali a ku India omwe ankazikusa.

Ngamila ndi nyama ya nthaka youma. Padziko lonse zilipo zoposa 35 miliyoni, ndipo zambiri zili mu Africa momwe muno, ku Somalia, Chad, Sudan, Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya, kumene anthu amaziwetera mkaka ndi nyama. Kumwera kuno mungaikwere m'malo owerengeka, monga ku Swakopmund m'mphepete mwa chipululu cha Namib, kapena ku Tsabong ku Botswana, kumene kudatsala mbewu ya ngamila zimene apolisi ankayendera polondera Kalahari. Koma ulendo umene anthu amausirira pa Facebook, wa mdipiti wa ngamila pa mchenga wofiira dzuwa likulowa, kenaka kukagona m'hema, wambiri umajambulidwa ku Morocco, pamudzi wa Merzouga, pafupi ndi malire a Algeria. Kwa munthu wolandira malipiro m'mametikali ndi ulendo wowawa m'thumba, ndipo chimene chimatha ndalama ndi ndege yokafika ku Casablanca kapena ku Marrakech, osati ngamilayo ayi.

Msewu wa makilomita 560

Chipululu cha Sahara n'chachikulu moti Mozambique angalowemo maulendo oposa 11, koma mchenga umene timauona pa zithunzi sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a chipululucho. Kwinako ndi matanthwe, nsangalabwi ndi mapiri ouma gwa. Milu ya mchenga ya Erg Chebbi, imene Merzouga adatsamira, ndi kachigawo kakang'ono: makilomita ngati 28 mulitali, 5 mpaka 7 mulifupi, milu ina n'kutalika mpaka mamita 150. Mumayenda maola ambiri pachigwa chakuda cha miyala, kenaka n'kungoona mchengawo uli psuu kutsogolo kwanu.

Ogulitsa ulendowu ku Marrakech amautcha wa masiku atatu m'chipululu. Zoona zake n'zakuti ndi masiku atatu m'minibasi ndi usiku umodzi pa mchenga. Kuchokera ku Marrakech kukafika ku Merzouga pali makilomita ngati 560, ndipo msewu umayamba ndi kukwera mapiri a Atlas, kudutsa pampata wa Tizi n'Tichka pamtunda wa mamita oposa 2,200, pamene nthawi yozizira pamagwa chipale chofewa. Mukatsika mumaima pa Aït Ben Haddou, mudzi wa malinga a dothi umene UNESCO idauika m'kaundula wa malo otetezedwa mu 1987, ndiponso kumene adajambulako mbali ina ya filimu ya Gladiator. Mumadutsa Ouarzazate n'kukagona m'chigwa cha Dadès kapena ku Tinghir. Mawa lake mumalowa pang'ono mumpata wa Todgha, pamene kamtsinje kamadutsa pakati pa matanthwe awiri ataliatali, ndipo chakumadzulo ndi pamene mumafika pa mchenga. Tsiku lachitatu lonse limathera pobwerera, maola 9 kapena 10 mutakhala pampando. Ochenjera sabwerera njira yomweyo: amapitirira ku Fès kudzera m'chigwa cha Ziz ndi nkhalango ya mikungudza ya ku Azrou.

Safunsa adadya phula. Musanapereke ndalama, funsani dzina lenileni la malo amene mukagone. Ulendo wa masiku awiri kawirikawiri umathera ku Zagora, kumene kuli chikwangwani chotchuka chonena kuti ku Timbuktu ndi masiku 52 pa ngamila, koma milu ya mchenga ya kumeneko ndi yaing'ono. Wa madzulo amodzi umapita ku Agafay, kunja kwa Marrakech, komwe kuli miyala yokhayokha, mulu wa mchenga kulibe ndi umodzi womwe. Funsaninso ngati chakudya chamasana ndi madzi akumwa zili mumtengowo, poti nthawi zambiri sizikhalamo, ndipo dalaivala amakuimitsani pa lesitilanti imene iye akuidziwa, pamtengo umene inu simudaudziwe. Chilankhulo chisakudetseni nkhawa. Anyamata a ku Merzouga amayankhula Chitamazight cha makolo awo, Chiarabu ndi Chifalansa, ndipo ambiri adatola Chisipanishi kwa alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, moti munthu wodziwa Chipwitikizi amamvana nawo bwinobwino.

Nyengo nayo njofunika kuisankha, ndipo kumbukirani kuti kumpotoko miyezi imayenda mosemphana ndi kwathu. Marichi mpaka Meyi, kapena Okutobala ndi Novembala, ndiyo nthawi yabwino. Mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kumafika madigiri 45 n'kupyola, ndipo amene amadzaza Merzouga nthawi imeneyo ndi eni dziko odwala nyamakazi, omwe amabwera kudzakwiriridwa mumchenga wotentha kwa mphindi zingapo, mutu wokha uli kunja.

Pamsana pa ngamila

Ngamila mumazipeza zitagwada kuseri kwa mahotela, zitamangidwa chingwe ina kumbuyo kwa inzake, zikubzikula mosalabadira munthu. Zonse ndi za linunda limodzi. Za malinunda awiri kwawo ndi ku Asia. Chishalo chake ndi mabulangete opindidwa mozungulira linunda, kutsogolo kuli chitsulo chogwirira, ndipo popondera phazi palibe. Mumakwera idakali chigwadire. Apa ndi pamene alendo amakuwa, chifukwa ngamila imayamba kudzutsa miyendo yakumbuyo. Mumangozindikira nkhope yanu yaloza pansi, kenaka yatukula yakutsogolo, mwagwera chagada, kenaka mwakhazikika mamita awiri m'mwamba. Wokusa amakuuzani kuti mugwiritse chitsulo, mikono ikhale yowongoka, thupi mulikokere kumbuyo. Mverani. Pogwada imayamba ndi miyendo yakutsogolo, ndipo imachita mwadzidzidzi.

Ikamayenda imaponya mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo a mbali imodzi nthawi imodzi, kenaka a mbali inayo, n'chifukwa chake wokwera amapendekera uku ndi uku. Mphindi 20 zoyamba anthu amaseka ndi kujambulana. Likamakwana ola, ntchafu zayamba kuyaka, ndipo potsika mulu chitsulo chija chimakanikiza m'manja. Valani buluku lalitali lokhuthala. Chitenje nacho musachisiye kunyumba: mukachikulunga kumutu n'kuphimba mphuno ndi pakamwa chimagwira ntchito yofanana ndi nsalu yaitali imene ogulitsa a m'njira amakukakamizani kugula. Ulendo wonse wa pamsana sukonda kupyola ola limodzi ndi theka. Mwini ngamila sakwera. Amayenda pansi patsogolo, chingwe m'manja, nthawi zina wopanda nsapato, akulondola msana wa mulu pamene mphepo idatsendera mchenga, osati m'mbali mofewa momwe phazi limamira.

Ambiri tidaphunzitsidwa kuti ngamila imasunga madzi m'linunda. M'linunda muli mafuta, nkhokwe ya chakudya, ndipo ngamila ikakhala ndi njala nthawi yaitali linundalo limafota n'kugwera kumbali. Chinsinsi chake si kusunga madzi ambiri koma kusawataya. Amene adafufuza bwino nkhaniyi ndi Knut Schmidt-Nielsen ndi anzake, omwe adakhala ku Béni Abbès m'chipululu cha Algeria mu 1953 ndi 1954 akuyeza ngamila usana ndi usiku. Adapeza kuti ngamila yosowa madzi imalola thupi lake kuzizira mpaka madigiri 34 m'bandakucha, n'kumatentha pang'onopang'ono mpaka pafupifupi 41 masana isanayambe kutuluka thukuta. Kutentha kumene yasunga masanako imakakutaya usiku kukazizira, osawononga dontho, ndipo mwa njira imeneyi imapulumutsa malita ngati 5 patsiku. Munthu thupi lake likafika madigiri 41 ndiye kuti ali pa bedi la chipatala. Ngamila itha kutaya madzi okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake n'kumayendabe, pomwe munthu amafa asanafike n'komwe pamenepo. Mkodzo wake ndi wochepa ndi wokhuthala, ndowe zake zimatuluka zouma moti anthu amasonkhezera moto, ndipo mphuno zake zimabweza chinyezi cha mpweya umene ikupuma. Ikapeza chitsime imatha kumwa malita 100 m'mphindi 15. Onjezerani zikhatho zofutukuka za zala ziwiri zimene sizimira mumchenga, nsidze zazitali ndi mphuno zotsekeka pakabwera namondwe wa fumbi.

Nyama yopirira chonchi njosavuta kuizunza, chifukwa siionetsa msanga kuti ikuvutika. Musanakwere, yang'anani pamene pamadutsa chingwe kukamwa kapena kumphuno, ndiponso m'mphepete mwa chishalo. Ngati pali zilonda, kapena nthiti zikuwerengeka, kanani, ndipo munene chifukwa chake. Mkaka wa ngamila wosawiritsa musamwe ngakhale akupatseni mwaulemu. Ngamila zimasunga kachilombo ka matenda a m'mapapo otchedwa MERS, amene adadziwika koyamba ku Saudi Arabia mu 2012, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse limachenjeza za mkaka ndi nyama yake yosaphika.

Kuzizira, nyenyezi ndi ng'oma

Msasa umakhala wa mahema oyang'anizana, pakati atayala makapeti. Otsika mtengo ali ndi matiresi pansi ndi chimbudzi chimodzi cha onse. Odula ali ndi bedi, magetsi a sola ndi bafa la madzi otentha m'hema momwemo. Mlendo amalandiridwa ndi tiyi wobiriwira wa timbewu tonunkhira, shuga wochita kumata milomo, wothiridwa kuchokera m'mwamba kuti achite thovu m'katambula kakang'ono. Mgonero ndi supu wotchedwa harira, buledi wophwatalala, ndi tajine, ndiye kuti nkhuku kapena nyama ya nkhosa yophikidwa pang'onopang'ono ndi mbatata, kaloti ndi zitowe m'mbale ya dothi ya chivundikiro chosongoka. Nsima kulibe, nkhumba musaiyembekezere, ndipo mowa m'misasa yambiri sagulitsa. Mukakhala pa mbale imodzi ndi eni ake, idyani ndi dzanja lamanja, mbali imene yayang'ana kwa inu.

Chimene chimadzidzimutsa munthu wa ku Tete si kutentha. Kwathu dzuwa likaotcha masana, usiku nawo umakhala wa thukuta, anthu n'kutulutsa mphasa pabwalo. Ku Merzouga dzuwa likangolowa mchenga umazizira msangamsanga, moti phazi limene limapsa madzulo limachita dzanzi pofika pakati pa usiku. Chifukwa chake ndi madzi omwewo. Chinyezi cha mumpweya ndi mitambo ndi zimene zimatsekereza kutentha kuti kusathawire kumwamba, ndipo m'chipululu zonse ziwiri n'zosowa. Mchenga nawo umangotentha pamwamba pokha. Mukapisa dzanja mpaka m'chigongono masana, pansipo mumapeza pali zii. Mu Disembala ndi Januwale, kwathu chimanga chikukula m'matope, kumeneko usiku kuzizira kumafika pa digiri 0. Juzi, chipewa ndi masokosi n'zofunika kuposa magalasi a dzuwa. Mpweya woumawo umaberanso thupi madzi mwakachetechete, poti thukuta limauma lisanaoneke, ndipo munthu amadzazindikira mutu ukuwawa. Imwani madzi musanamve ludzu.

Kumwamba nako n'kwachilendo. Tete ali madigiri 16 kumwera kwa ikweta, Merzouga ali madigiri 31 kumpoto. Nyenyezi zinayi zopanga mtanda zimene timaziona kumwera sizituluka zonse kumeneko. M'malo mwake kumpoto kuli nyenyezi imodzi yosawala kwambiri, Polaris, imene siisuntha usiku wonse pamene zinzake zikuizungulira, ndipo kwathu siioneka n'komwe. Apaulendo a m'chipululu ankaidalira poyenda usiku pothawa dzuwa. Magulu a nyenyezi amene timawadziwa amaoneka atatembenuzika. Wofuna kuona mlalang'amba uli mbee asankhe masiku amene mwezi uli mumdima, chifukwa mwezi wathunthu umawalitsa mchenga n'kuzimitsa nyenyezi zing'onozing'ono.

Mukatha kudya, anyamata omwe aja amene amakusa ngamila ndi kutsuka mbale amakoleza moto n'kutulutsa ng'oma. Kunena zoona, zoimba za pamsasa n'zongosangalatsa alendo, ndipo amaziimba usiku uliwonse mpaka kutopa nazo. Wofuna nyimbo zozama apite ku Khamlia, makilomita ngati 7 kumwera kwa Merzouga. Anthu a m'mudzi umenewu ndi akuda ngati ife, zidzukulu za anthu amene adaoloka Sahara ali akapolo kuchokera kumayiko a kumwera kwa chipululu. Nyimbo zawo za Gnawa amaimba ndi zitsulo zowomba m'manja, ng'oma zazikulu ndi chipangizo cha nsambo zitatu cha mawu akuluakulu chotchedwa guembri, ndipo pachiyambi zinali za mizimu ndi machiritso, zochezera usiku wonse. UNESCO idaziika mu 2019 m'kaundula wina momwe mulinso Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Amene amadziwa kumene kuli madzi

Makilomita ngati 40 kuchokera ku Merzouga kuli tauni ya Rissani, ndipo kunja kwake kuli mabwinja a dothi amene mlendo wothamanga sangawayang'ane kawiri. Amenewo ndi Sijilmasa, mzinda umene udakhazikitsidwa cha m'ma 757 n'kukhala kwa zaka mazana ambiri khomo la kumpoto la malonda a golide, mchere ndi akapolo. Wapaulendo wina, Ibn Battuta wa ku Tangier, yemwe cha m'ma 1331 adafika ku Kilwa n'kumva za golide wodzera ku Sofala, adanyamukira pano mu Febuluwale 1352 kupita ku ufumu wa Mali. Adayamba wagula ngamila n'kuzinenepetsa miyezi inayi. Atayenda masiku 25 adafika ku Taghaza, mudzi wopanda mtengo ndi umodzi womwe, kumene nyumba ndi mzikiti adamangira zidutswa za mchere n'kufolera zikopa za ngamila, ndipo akapolo ankakumba mcherewo kuti ngamila iliyonse isenze zidutswa ziwiri. Kutsogolo kwake kunali masiku 10 opanda chitsime chodalirika. Mmodzi wa gulu lawo adatsalira m'mbuyo atakangana ndi mbale wake, ndipo sadaonekenso. Chigawo chomaliza chinali choopsa moti ankalemba ganyu munthu wa fuko la Massufa, n'kumulipira golide, kuti atsogole yekha kukauza anthu a ku Walata, kumene gululo linkapita, kuti adzawachingamire ndi madzi ulendo wa masiku anayi. Munthuyo akafera m'njira, gulu lonse limatha kuthera pomwepo. Ibn Battuta adadabwa kuti amene ankawalondolera njira anali wakhungu diso limodzi, linalo lodwala, koma palibe amene ankadziwa njira kumposa. Adafika ku Walata patatha miyezi iwiri.

Ulendo wa lero ulibe zoopsa zoterozo. Msasa uli makilomita ochepa kuchokera pa phula, katundu wanu amabwera pa galimoto, ndipo pamwamba pa mulu foni imagwira netiweki. Komabe funso limene lidasautsa apaulendo akale silidachoke, langobisika kwa mlendo: madzi amene mukusamba m'hemamo achokera kuti?

Mayi aliyense wa kuchigwa kwathu amene adafukulapo mchenga wa mtsinje wouma m'chilimwe n'kudikira kuti madzi abwere m'kadzenje akudziwa kale yankho lake. Milu ya Erg Chebbi imamwa kamvula kalikonse kamene kagwa n'kukabisa pansi, kumene dzuwa silifika. Anthu a m'mudzi wa Hassi Labied, moyandikana ndi Merzouga, amakoka madziwo ndi njira yakale yotchedwa khettara. Amakumba ngalande ya pansi panthaka yotsetsereka pang'ono kwambiri kuchokera kumene kuli madzi mpaka kuminda, ndipo pamtunda uliwonse wa mamita angapo amaboola dzenje lotulutsira dothi ndi kulowerapo pokonza. Palibe injini, palibe dizilo. Madzi amayenda okha mumdima osauma ndi dzuwa, n'kukatulukira pakati pa mitengo ya kanjedza yobala zipatso zotsekemera, imene pansi pake amadzalapo anyezi, kaloti ndi msipu wa ziweto. Banja lililonse lili ndi maola ake othirira, ndipo nthawi ikakwana amatseka ngalande ndi dothi kuti madzi apite kwa mnzake. Pamsewu wochokera ku Tinejdad kupita ku Erfoud mudzaona mizere ya timilu ta dothi yotalika makilomita ambiri. Amenewo ndi makhettara, ndipo ambiri adauma. Chilala, mapampu a injini amene adatsitsa madzi a pansi, ndi damu la Hassan Addakhil limene lidatseka mtsinje wa Ziz mu 1971, zonsezi zidasintha kayendedwe ka madzi m'chigawo chimenechi cha Tafilalet.

Tsopano pamwamba pa madzi ochepawo padabwera mahotela okhala ndi maiwe osambiramo, mabafa a m'mahema, ndi zimbudzi zotayira zonyansa mumchenga womwewo umene mudzi umamwamo. Mu 2019 boma lidachotsa misasa imene idadzaza pakati pa milu, ndipo yambiri lero ili m'mphepete. Ena amadandaula kuti ulendo udachepa kukoma. Ine ndimaona kuti chimene chimaipitsa malowa kwambiri ndi njinga zamoto za matayala anayi zimene zimalira pa milu kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ndikadakhala mlendo kumeneko bafa la m'hema ndikadalidumpha usiku umodziwo. Munthu safa ndi kugona tsiku limodzi osasamba.

Chodabwitsa n'chakuti madzi omwewo amaphanso anthu m'chipululu. Nthaka youma gwa siimwa mvula yamphamvu, ndipo madzi saiwala khwawa, ngakhale khwawalo litakhala zaka 20 lili louma. Mu Meyi 2006 chigumula chidagwetsa nyumba zambiri za dothi ndi mahotela ku Merzouga. Mu Seputembala 2024 madera ena a kumwera chakum'mawa kwa Morocco adalandira m'masiku awiri mvula yoposa ya chaka chonse, anthu adafa, pakati pa milu ya mchenga padaima maiwe, ndipo nyanja ya Iriqui, imene idakhala youma zaka pafupifupi 50, idadzaza. Wolondolera alendo wodziwa ntchito yake samanga hema m'khwawa, ngakhale pakhale posalala chotani.

M'mawa amakudzutsani kusanache kuti mukwere mulu mukaone dzuwa likutuluka chakumalire a Algeria. Musanavale nsapato, zikutumuleni, poti zinkhanira zimakonda malo ofunda, makamaka miyezi yotentha. Kukwera mulu wa mchenga n'kotopetsa kuposa mmene umaonekera: mukaponda katatu mwabwerera kamodzi. Mukafika pamwamba yang'anani pansi musanayang'ane kumwamba. Mchenga umene dzulo unkaoneka wopanda chamoyo umakhala utalembekalembeka: timizere ta tizikumbu, mapazi awiriawiri a kambewa kodumpha, njira yokhotakhota ya buluzi amene amasambira mkati mwa mchenga, mwinanso mapazi a kankhandwe ka makutu aakulu kotchedwa fennec. Dzuwa likangokwera pang'ono mphepo imafufuta zonse, ndipo ngamila zimakhala zagwada kale kukudikirani.

Mnyamata amene wagwira chingwe chija nthawi zambiri ndi wa fuko la Aït Khebbach, nthambi ya Aït Atta. Agogo ake ankasamuka ndi ngamila ndi mbuzi kutsatira msipu mpaka mkati mwa dziko limene lero ndi Algeria. Malire atakhwima, makamaka atatsekedwa mu 1994, ndiponso chilala chitatha ziweto, mabanja ambiri adasiya mahema a ubweya wa mbuzi n'kumanga nyumba m'mphepete mwa milu. Ngamila zimene zidatsala zidapeza ntchito yonyamula alendo, ndipo poti sizipitanso kutali kukadya, mwini wake amazigulira balere, udzu wouma ndi zipatso za kanjedza zosagulika. Morocco atatseka malire ake mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, alendo adasiya kubwera koma ngamila sizidasiye kudya. Pa ndalama imene mudalipira ku Marrakech, wogulitsa tikiti adatengapo, mwini minibasi adatengapo, hotela ndi mwini msasa adatengapo, ndipo imene imafika kwa woyenda pansi uja ndi yotsalira. Ngati muli ndi madirham oti mumuthokoze nawo, mupatseni m'manja mwake mukangotsika, musadutsire kwa dalaivala. Lamlungu, Lachiwiri ndi Lachinayi kumakhala msika ku Rissani, ndipo kumeneko, kuseri kwa bwalo limene anthu a m'midzi amamangirira abulu awo, ndi kumene amakagula thumba la balere.